Tibwerekeni holo Loweruka limodzi, ana a ku Zomba amenyanitse timaloboti tawo

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathuyi kuti ndiyankhule ndi anzanga a kuno ku Zomba, makamaka aphunzitsi, makolo ndi amisiri anzanga. Ine ndimakonza mawailesi, ma TV ndi mafoni pa Chinamwali, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa 20. Kuseri kwa kashopu kanga kuli makatoni asanu a katundu yemwe eni ake anamusiya osabweranso kudzatenga: ma DVD osiya kuwerenga, mawailesi a kaseti, maprinta awiri, timagalimoto ta ana tothyoka mawilo, matochi otchaja ofa batire. Anyamata ogula zitsulo zakutha amadutsa ndi sikelo yawo n'kumandinyengerera kuti ndiwagulitse, ine ndimakana poti tsiku lina ndidzafunamo sipeya. Pa tchuthi chachitali chapitachi makatoni amenewa anagwira ntchito ina, ndipo ndiyo yandilembetsa kalata ino.

Mwana wa mchemwali wanga amaphunzira ku Yunivesite ya Malawi, komwe ife akale timakutchabe ku Chanco. Tsiku lina madzulo, magetsi atazima ine ndilibe chogwira, anatulutsa foni n'kutionetsa kanema wa maloboti omenyana a ku America. Sindikunena maloboti a pamsewu oyatsa zofiira ndi zobiriwira aja ayi, koma makina oyenda ndi mawilo, owongoleredwa ndi munthu ataima patali. Mpikisano wake amautcha BattleBots, ndipo unayamba mu 1999. Makina ake amafika makilogalamu 113, kuposa matumba awiri a chimanga, ndipo amamenyana m'chipinda chotchingidwa ndi makoma oonekera olimba kwambiri chifukwa zitsulo zimauluka. Ku Britain nawonso anali ndi wawo, Robot Wars, womwe unayamba kuonetsedwa pa BBC mu 1998. Ana omwe amakonda kusewera pakhonde panga anaunjikana pa foniyo mpaka batire kutha. Mdzukulu wanga wamkazi wa Sitandade 6 ndiye anafunsa kuti, "Agogo, nanga ife sitingapange kathu?"

Ndinamuyankha kuti zimenezo n'za anthu a ndalama. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga, chifukwa yankho limenelo ndi lomwe inenso ndinkapatsidwa ndili mwana ndikafunsa za m'kati mwa wailesi ya bambo anga.

M'mawa mwake mnyamata wa ku Chanco uja anabweranso ndi kanema wina. Uyu anali wa ku Japan, wa mpikisano wotchedwa Hebocon, womwe anauyambitsa Daiju Ishikawa mumzinda wa Tokyo mu 2014. Olowa mpikisanowu ndi anthu osadziwa kupanga makina, ndipo amabwera ndi timaloboti ta makatoni, zidole zakutha, masupuni ndi selotepi. Timakankhana pa thabwa laling'ono kwa mphindi imodzi, kotuluka pathabwa kapena kugwa ndiye kagonja. Chomwe chinandigwira mtima ndi lamulo lawo lakuti wobwera ndi zipangizo zapamwamba amalandira chilango. Anzathuwo amachita zimenezi moseka, chowasangalatsa ndi kulephera kwenikweniko. Pamenepo ine ndimasiyana nawo, chifukwa ana athu ndikufuna azikwera chaka ndi chaka. Koma lamulo lija lolanga munthu wobwera ndi zipangizo zapamwamba ndinaona kuti ndi lathu ndithu, chifukwa limaika mwana wa mlonda ndi mwana wa bwana pa mzere umodzi.

Loweruka lotsatira ndinatulutsa makatoni awiri pakhonde, ndipo kunabwera ana 9. Ndinatsegula DVD imodzi iwo akuona. Anthu ambiri sadziwa kuti mu DVD yakufa mumakhala timamota titatu tamoyo: kozungulitsa chimbale, koyendetsa kadiso kowerenga, ndi kotulutsa ndi kubweza thileyi. Kawirikawiri chimafa ndi kadisoko kapena mbali yolandira magetsi, timamota timatsala tabwinobwino. Ukagunditsa mawaya ake awiri ku batire kamazungulira, ukatembenuza mawayawo kamazungulira chobwerera. Kamnyamata kena kanachita zimenezi mwina kakhumi, kutembenuza, kutembenuzanso, kali duu. Kenako kanati, "Ndiye livesi ndi imeneyi." Kuwongolera konse kwagona pamenepo. Mota imodzi ku wilo la kumanja, ina ku wilo la kumanzere. Zonse zikapita kutsogolo kaloboti kamayenda molunjika, imodzi ikaima kamakhota, imodzi ikabwerera kamazungulira pamalo amodzi. Rimoti sifunika. Ife tinalumikiza mawaya opyapyala a mahedifoni ndi matchaja akutha, otalika ngati mita imodzi ndi theka, kuchoka pa kaloboti kufika pa kabokosi ka sopo komwe kali m'manja mwa woyendetsa, mabatire ali m'kabokosimo. Maswitchi tinachotsa m'mawailesi, ndipo atatha, ana ena anangokhoma misomali pa kathabwa n'kumagunditsa waya ndi dzanja.

Ana amenewa si alendo ku mawilo. Onse amadziwa kupinda galimoto ya mawaya, kuika chiwongolero chachitali, kudula mawilo pa patapata wakutha. Ndiye anachita zomwezo, kudula mawilo n'kuwasomeka pa kachitsulo kozungulira ka mota, ndipo vuto loyamba linawapeza onse nthawi imodzi. M'mwamba wilo limazungulira ngati lithothoka, koma ukangoika pansi kaloboti kamangong'ung'udza osasuntha. Ndinadziletsa kuwauza chifukwa chake. Patapita kanthawi mtsikana wina wa Fomu 1 anabwerera ku DVD ija n'kuona kuti kamota ka thileyi sikagwira thileyi mwachindunji. Kali ndi kalamba ka mphira kochoka pa kawilo kakang'ono kupita pa wilo lokulirapo, kenako magiya. Iye anati, "Ili ngati minibasi pa mtunda, imalowa giya wani." Mota yaing'ono ili ndi liwiro koma ilibe mphamvu yokankha, ndipo ukaichepetsa liwiro ndi lamba kapena magiya, mphamvu yokankha imachuluka. Ine zimenezi ndinaziphunzira ndili ndi ndevu kale, kwa mmisiri yemwe anandiphunzitsa ntchito. Mwanayu anazipeza yekha pasanathe ola, chifukwa ankafunitsitsa kugonjetsa mchimwene wake.

Nkhondo yeniyeni inachitika patatha sabata ziwiri. Tinagoneka chitseko chakale pa makireti a zakumwa n'kulemba mzere wa choko kuzungulira m'mbali. Kulemera tinagwirizana kuti kusapitirire magalamu 500, monga amachitira m'mipikisano ya timaloboti tokankhana ya mini-sumo, ndipo tinabwereka sikelo kwa mayi wogulitsa nyemba pafupi nafe. Panali timaloboti 6. Koopsa m'maso kanali ka mnyamata wa Fomu 2, yemwe anakatcha Chipembere: kakatali, thupi la chitini cha mkaka wa ufa, misomali itatu kutsogolo, maginito olemera a sipika atawamangirira pamwamba ngati chipewa. Ka mdzukulu wanga kanali Kamba, ka chivindikiro cha kontena ya majarini, kakafupi ngati mbale yovundikira, mawilo atakulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga kuti asamaterereke, kutsogolo kuli supuni yomwe anaiphwatalitsa ndi mwala mpaka kumakhula thabwa.

Nditangoti "Yambani!", Chipembere chinathamanga, Kamba akubwera pang'onopang'ono. Supuni ija inalowa pansi pa wilo lakutsogolo, Chipembere chinanyamuka mbali imodzi, mawilo n'kumazungulira m'malere, kenako khu! chagada. Sipanathe masekondi 10. Amayi ogulitsa tomato omwe anabwera kudzaonerera anaimba nthungululu. Ine maso anga anali pa mnyamatayo, chifukwa ndinkaopa kuti anyanyala. Anakatola, kukatembenuza, kukayang'ana kunsi nthawi yaitali. Kenako anamasula maginito aja n'kuwamangirira pansi, pakati pa mawilo, anazula misomali, n'kundipempha sizasi ya malata kuti adule chitini pakati. Anafunsa ngati angalowenso. Ulendo wachiwiri anakankhana mphindi yathunthu osagwetsana, mpaka oonerera ndiwo anagamula pokweza manja. Mphunzitsi wina wopuma pantchito yemwe anaima nafe anandinong'oneza kuti phunziro limenelo, la pomwe kulemera kwa chinthu kumagona, analilemba pa bolodi zaka zambiri, koma sanaonepo mwana akuligwira msanga chonchi.

Panalinso kamnyamata ka Sitandade 3 komwe kaloboti kake sikanasunthe n'komwe. Waya umodzi unali utathothoka pa mota, ndipo misozi inali italengeza kale. Tinaimitsa masewera mphindi zisanu. Yemwe anagwada kumuthandiza kupota wayawo ndi mnzake yemwe amayenera kumenyana naye, poti nayenso amafuna nkhondoyo ichitike. Kuyambira pamenepo linakhala lamulo kuti kaloboti kakafa kasanamenye, mwini wake apatsidwe mphindi zisanu ndipo aliyense wofuna kuthandiza athandize.

Nditaona zimenezi ndinavala jekete n'kupita ku ofesi ina m'tauni muno kukapempha holo ya tsiku limodzi. Ndinadikira pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo bwana yemwe ndinakumana naye anamva theka la nkhani yanga n'kundiuza zinthu ziwiri: kuti holo si ya zidole, ndiponso kuti kumenyanitsa zinthu kumaphunzitsa ana nkhanza. Choyambacho chinandipweteka, poti holo yomweyo imabwerekedwa ku maukwati ndi zinkhoswe sabata ndi sabata. Chachiwiricho ndachimvanso kwa makolo ena a mtima wabwino, ndiye ndichiyankhe mofatsa.

Kwathu ku Jali tinakulira kudambo tikuweta mbuzi. Tinkaumba ng'ombe zadothi, kuziyanika padzuwa, n'kumazigunditsa mitu mpaka nyanga ya ina ithyoke. Mwini wa yothyokayo ankabwerera kumtsinje kukasaka dothi labwino, kulikanda bwino, n'kuumba nyanga zazifupi zonenepa. Mwa anzanga onse aja palibe anasanduka chigawenga chifukwa cha ng'ombe zadothi. Ndewu za ana zomwe ndimaziona pa Chinamwali zimayambira pa kusowa chochita. Pa chitseko changa chija anthu sakhudzana, zogundana ndi zitini. Ndiponso kumenyanako kuli ndi ntchito yake imene chionetsero wamba sichingagwire. Ndinapitako kangapo ku zionetsero za sayansi za m'masukulu. Mwana amaima kuseri kwa tebulo pafupi ndi chinthu chokongola n'kulakatula mawu oloweza pamtima. Ine monga mmisiri ndimakuzindikira kuwotcherera kwa munthu wamkulu ndikakuona, ndipo ndivomere kuti kawiri konse makolo anandilipira kuti ndipangire ana awo zoterozo, ine n'kulandira ndalamazo. Lero ndimachita nazo manyazi. Chinthu cha pachionetsero chimangofunika kuyaka kamodzi oweruza akamadutsa. Cha pankhondo chimagundidwa, chimathyoka, ndipo mwini wake ayenera kudziwa pomwe chathyokera n'kukonza mnzake akudikira. Pamenepo wopangiridwa ndi bambo ake amaonekera poyera.

Tikakamba za luso la ana a ku Malawi aliyense amathamangira dzina la William Kamkwamba, mnyamata wa ku Masitala, kwa Wimbe ku Kasungu, yemwe mu 2002 anaimika makina a mphepo opanga magetsi ndi mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zotola kotaya zitsulo. Timunyadire ndithu. Koma tisaiwale kuti pamene ankatola zitsulozo anthu ankamutcha wamisala, ndipo ambiri a ife tinamudziwa atakayankhula kale ku msonkhano wa TED, wa anthu okamba maganizo atsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007. Ana otola mawaya ngati iye alipo ku Matawale, ku Sadzi, ku Chikanda, ku Mpondabwino, ku Songani. Chomwe akusowa ndi tsiku limene kutolako kudzaomberedwa m'manja makolo awo akuona.

Tsono zoopsa zenizeni zilipo, ndipo si zomwe bwana uja anatchula. Chachikulu ndi mabatire. Ana amakonda aja ozungulira a m'malaputopu, m'mapawabanki ndi m'matochi otchaja, omwe amisiri timawatcha 18650 chifukwa cha muyeso wake, mamilimita 18 kunenepa ndi 65 kutalika. Limodzi limapereka mavolti 3.7 ndipo limakoka bwino, koma mawaya ake akagundana, kapena likabooledwa ndi msomali, limatentha mpaka kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Ndili ndi chipsera pa dzanja lamanzere chochokera ku batire lotere. Kwa oyamba kumene tigwiritse ntchito mabatire wamba a tochi kapena a rimoti, a mavolti 1.5, awiri kapena anayi basi. Mwana asatsegule TV yakale ya chimsana ija kapena mayikulowevu, chifukwa m'kati mwake muli zosunga magetsi zomwe zimagwira munthu ngakhale chinthucho chazulidwa kukhoma. Magetsi a kukhoma asayandikire n'komwe pa masewerawa. Mipeni, malezala, moto ndi zozungulira zodula ngati za ku America zija ayi, kukankha, kunyamula ndi kugubuduza n'zokwanira. Kuwotcherera kuzichitika wamkulu ali pambali, pamalo podutsa mphepo, ndipo ana asambe m'manja asanadye chifukwa waya wowotcherera uja umakhala ndi mtovu. Waya uliwonse mwana anene komwe wautenga. Sitikufuna kudzamva kuti nyumba ya munthu yosatha yasololedwa mawaya chifukwa cha mpikisano wathu.

Mnyamata wa ku Chanco uja anandiwerengera lipoti la United Nations lonena kuti mu 2022 dziko lonse lapansi linataya zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zomwe zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera sizinafike gawo limodzi mwa magawo anayi. Kuno zimaoneka ndi maso. Yendani m'mbali mwa Likangala mvula yoyamba ikagwa, kapena mununkhize utsi wa ana akuwotcha mawaya kuti achotse kopa wokagulitsa. Sindinama kuti timaloboti tithetsa vutoli. Ndingonena kuti ana anga 9 aja, chiyambire kudziwa zomwe zili mu DVD yakufa, akaipeza kudzala amabwera nayo pakhonde yathunthu.

Zomba ndi mzinda wa sukulu. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975 koma yunivesite inatsala, tili ndi koleji ya aphunzitsi ku Domasi, ya ntchito zamanja ku Nasawa, ndi masekondale ambirimbiri. Pempho langa kwa ophunzira a m'makolejiwa ndi lakuti abwere ngati achimwene ndi achemwali othandiza, oyeza kulemera ndi ogwira wotchi, osati kudzapikisana ndi ana. Akafuna kumenyanitsa awo a marimoti ndi timakompyuta tating'ono, tiwapatse gawo lawolawo masana, ana aonere ndi kusirira. Gawo la m'mawa likhale la munthu yemwe sanapangepo kanthu, kaya ndi mwana wa Sitandade 4, kaya ndi wakabaza, kaya ndi mayi wa pamsika. Zogula m'sitolo zikhale mabatire ndi guluu zokha. Asanayambe, aliyense atsegule kaloboti kake n'kuuza oweruza kuti mota anaichotsa kuti, ndipo waya uwu ukupita kuti. Wogonja asapite kwawo atamenya kamodzi kokha. Aliyense amenye katatu, chifukwa mwini Chipembere uja zonse anaziphunzira pakati pa nkhondo yoyamba ndi yachiwiri, ndipo tikanamutulutsa atangogwa akanapita kwawo ndi manyazi okhaokha.

Za atsikana ndinenepo chomwe ndinaona. Palibe mnyamata anawathamangitsa, koma sikuludilaiva ikakhala imodzi imathera m'manja mwa mnyamata, mtsikana n'kupatsidwa ntchito yogwira tochi kapena kupenta. Ndinachita kubwereka zina zitatu kwa mnzanga wokonza njinga n'kuziika m'manja mwa atsikanawo ndekha, ndipo pambuyo pake sipanafunikenso kulankhula. Choncho amene akufuna kutithandiza asavutike ndi zikho kapena ndalama za mu envelopu. Abweretse masikuludilaiva, mapulayala ndi kamita koyezera magetsi, zina tigwiritse ntchito, zina zikhale mphoto. Mphoto imodzi ndikufuna ipite kwa yemwe kake kanaphwasuka kwambiri koma anakadzutsanso.

Sukulu zikatsekera Khirisimasi, Loweruka loyamba, ndidzagonekanso chitseko chija pa makireti. Ana omwe andiuza kale kuti abwera apitirira 30, pamene khonde langa limakwana anthu 12 ataima mothinana, ndipo nthawi imeneyo mvula ya ku Zomba imakhala itayamba. Timamota ndi makatoni sizigwirizana ndi madzi. Ndikupempha mphunzitsi wamkulu, m'busa, shehe kapena mfumu aliyense yemwe ali ndi kalasi kapena holo yosadontha kuti atibwereke kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Magetsi sitifuna, ndipo tikatha tidzasesa tokha. Inu amene muli ndi DVD kapena printa yakufa pansi pa bedi, musaipereke kwa anyamata a sikelo mwezi uno. Mukafika pa Chinamwali funsani za mdala wokonza mawailesi yemwe ali ndi chitseko cholembedwa choko, ana akulozerani.

Wokonza mawailesi,
Chinamwali, Zomba.